Magazi akatuluka “positivo” pa chindoko: ndi liti pamene si matendawo?

Ku sikelo ya amayi oyembekezera, kaya ndi ku Mandimba, ku Massangulo kapena ku Cuamba, namwino amabaya chala, nadonthetsa magazi pa kachipangizo kakang’ono. Pakapita mphindi zosakwana 20 zotsatira zimatuluka. Mizere ikaoneka iwiri, amalemba m’kabuku kuti “positivo” kapena “reactivo” pa sífilis, yomwe ife timaitcha chindoko. Mayi amabwerera kunyumba ndi kapepala koitanira mwamuna wake, ndipo m’mabanja ena nkhondo imayambira pomwepo.

Liwu lakuti “positivo” pa chindoko lili ndi matanthauzo atatu. Nthawi zambiri limatanthauza kuti munthuyo ali ndi matendawa tsopano ndipo afunika jakisoni. Nthawi zina limatanthauza kuti adadwalapo kale, nachira, koma chipsera chidatsala m’magazi. Ndiye pali nthawi zinanso pamene munthuyo alibe chindoko ndipo sadakhalepo nacho, koma china chake m’thupi mwake chasokoneza zoyezera. Ichi chachitatu n’chimene achipatala amachitcha “falso positivo”.

Zimene amayeza m’magazi

Chindoko chimayamba ndi kachilombo kopotana ngati kawaya, kotchedwa Treponema pallidum. Adakaona koyamba mu 1905 ndi Fritz Schaudinn ndi Erich Hoffmann ku Berlin. Kachilomboka n’kovuta kukagwira, choncho zipatala zathu siziyeza kachilombo kenikeniko. Zimafufuza asilikali amene thupi limapanga likakumana ndi mdani. Zili ngati mlimi amene sanaione nguluwe, koma akuweruza poona mapazi m’munda wa chinangwa. Mapazi amanena zoona nthawi zambiri, komabe mapazi a dzana ndi a lero amafanana, ndipo nkhumba ya mnansi nayo imasiya mapazi ofanana nawo.

Njira zoyezera zilipo za mitundu iwiri, ndipo kulakwa kwake n’kosiyana. Amene wauzidwa kuti ali “positivo” afunse kaye kuti ndi njira iti imene yagwiritsidwa ntchito.

Njira ya ku labotale: RPR ndi VDRL

Iyi ndi njira yakale. Idayamba mu 1906 ndi August von Wassermann wa ku Germany, kenaka idakonzedwa bwino n’kukhala VDRL mu 1946 ndi RPR mu 1957. Amatenga magazi a pa mkono, napatula madzi ake, nawasakaniza ndi mankhwala pa kakhadi, n’kupukusa kwa mphindi 8. Timibulu takuda tikaoneka, zotsatira ndi “reactivo”.

Chodabwitsa n’chakuti mankhwala amene amasakanizawo mulibe kachilombo ka chindoko ngakhale pang’ono. Muli mafuta ena otchedwa cardiolipina, amene Mary Pangborn wa ku America adawapatula kuchokera mu mtima wa ng’ombe mu 1941. Mafuta amenewa alimonso m’thupi la munthu aliyense, obisika mkati mwa tizidutswa ting’onoting’ono topanga minofu. Chindoko chikamawononga minofu, mafutawo amatayikira poyera ndipo thupi limapanga asilikali olimbana nawo. RPR imawerenga asilikali amenewo. Vuto lake n’loonekeratu: si chindoko chokha chimene chimawononga minofu.

Malungo ndiwo oyamba kutchulidwa kuno kwathu. Tizilombo ta malungo timaphwanya magazi, thupi limapanga asilikali ambiri, ndipo ena mwa iwo amagwira pa khadi ya RPR. Kafukufuku wa malungo wa dziko lonse wa mu 2018 adapeza kuti m’chigawo cha Niassa pafupifupi theka la ana aang’ono amene adayezedwa anali ndi tizilombo ta malungo. Aliyense wokhala kufupi ndi madambo a Amaramba kapena m’mphepete mwa Lugenda akudziwa mmene zimakhalira kuyambira Disembala mpaka Epulo. Choncho munthu amene wayezedwa RPR akungochoka pa mphasa ya malungo ali ndi chifukwa chomveka chopemphera kuti amuyezenso mwa njira ina.

Mimba nayo payokha ingathe kutulutsa “reactivo” wabodza mwa amayi ochepa. Chimodzimodzinso chikuku, katsabola, matenda otupa chiwindi ndi akatemera ena amene munthu wangolandira kumene. Zonsezi zimadutsa. Madokotala awiri a ku America, Joseph Earle Moore ndi Charles Mohr, ndiwo adalongosola mu 1952 kuti zotsatira zabodza zilipo zosakhalitsa ndi zokhalitsa. Zosakhalitsa zimazimirira zokha miyezi 6 isanathe.

Zokhalitsa zimapitirira miyezi 6, mwinanso zaka. Zimaoneka mwa odwala khate, chifuwa chachikulu, HIV, matenda a chiwindi a nthawi yaitali, mwa okalamba, ndi mwa amene amadzibaya mankhwala ozunguza bongo. Zimaonekanso pa matenda amene thupi limadziukira lokha, monga lúpus, yomwe imakonda amayi achitsikana ndipo imabwera ndi kupweteka kwa mfundo ndi zotupa kumaso. Mayi amene RPR yake ikutulukabe “reactivo” chaka ndi chaka pamene njira ina ikukana, asangoti zatha poti si chindoko. Dokotala amuone bwino, chifukwa nthawi zina chimenechi chimakhala chizindikiro choyamba cha matenda ena.

Manambala aja: 1:2, 1:8, 1:32

Ambiri amaona manambala awa pa pepala la ku labotale osadziwa ntchito yake, pamene ndi amene amanena zambiri. Wa ku labotale amasungunula madzi a magazi mobwerezabwereza, theka ndi theka, mpaka timibulu tija titasiya kuoneka. Ganizani za tiyi: wamphamvu amaonekabe wofiira ngakhale muthiremo madzi kangapo, wopepuka amayera msanga. Nambala 1:2 ikutanthauza kuti asilikaliwo ndi ochepa. Nambala 1:32 kapena 1:64 ikutanthauza kuti ndi ambiri.

Zotsatira zabodza kawirikawiri zimakhala zotsika, pansi pa 1:8. Koma nambala yotsika payokha si umboni wakuti munthu alibe matenda, chifukwa chindoko chimene changoyamba kumene, kapena chimene chakhalitsa zaka zambiri, nacho chimatulutsa nambala yotsika. Ntchito yaikulu ya manambalawa ndi kutsatira kuchira. Munthu akalandira jakisoni, nambala iyenera kutsika kanayi pakatha miyezi 6 mpaka 12, monga kuchoka pa 1:32 kufika pa 1:8. Ena imatsika n’kuima pa 1:2 kapena 1:4 kwa moyo wonse ngakhale adachira. Ikadzakweranso kanayi, pamenepo munthuyo watenganso matendawa kapena mankhwala sadagwire.

Njira yachangu ya pa chala

Iyi ndi “teste rápido”, imene amayi ambiri amakumana nayo ku sikelo, makamaka m’zipatala zing’onozing’ono zopanda labotale. M’malo ena kachipangizo kamodzi kamayeza HIV ndi chindoko pamodzi, monga mmene bungwe la zaumoyo pa dziko lonse, OMS, lidalimbikitsira mu 2019. Njira imeneyi imafufuza asilikali olimbana ndi kachilombo ka Treponema kenikeniko, choncho malungo kapena mimba siziisokoneza kawirikawiri ngati mmene zimachitira ndi RPR. TPHA ndi TPPA za ku labotale zili m’gulu lomweli.

Kafukufuku amene adachitika m’zipatala za m’chigawo cha Sofala pa amayi oyembekezera oposa 4,000, ndipo adasindikizidwa mu 2006, adaonetsa kuti m’zipatala wamba njira yachanguyi imapeza odwala bwino kuposa RPR. Sifuna firiji, magetsi kapena makina opukusira, ndipo mayi amamva zotsatira asanakwere njinga kubwerera kumudzi.

Koma ili ndi chilema chimodzi chachikulu: siiwala. Munthu amene adadwalapo chindoko, mwa anthu ambiri, kachipangizoka kadzatulutsabe mizere iwiri moyo wake wonse, ngakhale adabayidwa n’kuchira zaka khumi zapitazo. Kunena zoona, apa chipangizo sichinaname, changoyankha funso lakuti “kodi thupi ili lidakumanapo ndi kachilomboka?” pamene banja likufuna yankho la funso lakuti “kodi akudwala lero, ndipo wawatenga kwa yani?” Funso lachiwirili kachipangizoka sikangaliyankhe.

Palinso amene adachira osadziwa n’komwe kuti adadwala. Penisilini kapena mankhwala ena ofanana naye, amene munthu adalandira chifukwa cha chibayo kapena bala, amatha kupha chindoko chimene chinali chobisala. Munthu wotere akamalumbira kuti sadadwalepo chindoko sakunama.

Kwa agogo pali nkhani inanso. Kale m’mayiko ambiri otentha a mu Africa kunali matenda a zilonda za pakhungu amene m’Chipwitikizi amawatcha bouba. Ankagwira ana pokhudzana posewera, osati pogonana. Kachilombo kake ndi mbale weniweni wa ka chindoko, ndipo palibe njira ya magazi, yachangu kapena ya ku labotale, imene imasiyanitsa ziwirizi. Matendawa adachepa kwambiri ndi kampeni ya jakisoni ya OMS ndi UNICEF ya pakati pa 1952 ndi 1964, koma amene adadwala ali ana angathe kutulukabe “positivo” mpaka lero.

Kulakwa kwa manja ndi kwa dzuwa

Zipangizo zachangu zimayenera kusungidwa pamalo osapitirira madigiri 30, ndipo tonse tikudziwa mmene chipinda cha malata chimatenthera ku Cuamba mu Okutobala ndi Novembala. Chipangizo chotha nthawi, kapena chowerengedwa mochedwa nthawi yake itapitirira, chingaonetse kamzere kosaoneka bwino komwe si koona. Pa RPR, madontho akauma pa khadi amaoneka ngati timibulu. Palinso kusinthana kwa mayina pa mabotolo tsiku limene anthu achuluka. Izi sizichitika tsiku lililonse, koma zimachitika kulikonse pa dziko, ndipo kupempha kuti akuyezeninso si mwano.

Tingoyerekeza kuti tione mmene kulakwa kochepa kumakulira. Tinene kuti amayi 1,000 ayezedwa, ndipo 30 mwa iwo ali ndi chindoko. Chipangizo chikamalakwitsa pa munthu mmodzi yekha mwa 100 aliwonse abwinobwino, ndiye kuti mwa amayi 970 otsalawo pafupifupi 10 auzidwa kuti ali “positivo” alibe kanthu. Onse otuluka “positivo” akhala 40, ndipo mmodzi mwa anayi aliwonse wapita kunyumba ndi uthenga wabodza. Chipangizocho n’chabwino ndithu, koma makomo khumi si ochepa.

Kuphatikiza njira ziwiri

Choonadi chimayandikira njira ziwirizi zikaonedwa pamodzi. Zonse zikatuluka “positivo”, munthuyo ali ndi chindoko, kapena adalandira mankhwala posachedwa ndipo nambala sinatsikebe. RPR ikavomera koma yachangu kapena TPHA ikakana, kawirikawiri chimenecho ndi “falso positivo” chenicheni, ndipo mpofunika kufunsa za malungo, mimba ndi matenda ena aja. Yachangu ikavomera koma RPR ikakana, nthawi zambiri ndi matenda akale amene adachizidwa, ngakhale nthawi zina chimakhala chindoko chongoyamba kumene kapena chokhalitsa kwambiri. Apa mbiri ya munthuyo ndi imene imathandiza namwino kusankha chochita.

Si chipatala chilichonse chimene chimachita njira zonse ziwiri. Zipatala zazikulu monga cha ku Cuamba ndi Hospital Provincial de Lichinga zili ndi malabotale, ndipo namwino wa kwanu angakuuzeni kumene RPR ikupezeka pafupi.

Zabodza zilinso mbali inayo. Munthu amene watenga chindoko masabata awiri kapena atatu apitawo angatuluke “negativo” chifukwa thupi lisanapange asilikali. Amene ali ndi chilonda chosapweteka kumaliseche asakhutire ndi “negativo” mmodzi.

Mayi woyembekezera asadikire

Apa mpamene ndikufuna kuti tisamvane molakwika. Zonse zimene zanenedwa pamwambapa si chifukwa chokanira jakisoni, makamaka kwa mayi wapakati.

Umboni wake uli tsidya linalo la malire, kungodutsa pa Chiponde. Kafukufuku amene adachitika m’boma la Mangochi ndipo adasindikizidwa mu 1993 adatsatira amayi 3,591. Mwa iwo 3.6 peresenti okha ndiwo anali ndi chindoko chamoyo, komabe ofufuzawo adawerengera kuti 26 peresenti ya ana onse obadwa atafa kale idachitika chifukwa cha matendawa. Kagulu kochepa chotere, koma mwana mmodzi mwa anayi aliwonse otayika. Anthu a ku Mangochi ndi ife timagula pa misika imodzi, timakwatirana, ndipo ambiri timayendera zipatala za mbali zonse ziwiri. Pa dziko lonse, OMS idawerengera kuti mu 2016 chindoko chopatsira mwana m’mimba chidachitika ka 661,000, ndipo ana oposa 200,000 adabadwa atafa kapena adamwalira atangobadwa.

Mankhwala ake ndi otchipa ndipo ndi akale: penisilini, amene John Mahoney adaonetsa mu 1943 kuti amachiza chindoko. Mtundu umene amabaya ndi penicilina benzatínica, mayunitsi 2.4 miliyoni, m’thako. Matenda akakhala atsopano jakisoni mmodzi amakwana. Akakhala okhalitsa, kapena osadziwika kuti adayamba liti, amabaya katatu, sabata ndi sabata. Kuti mwana atetezeke bwino mayi ayenera kubayidwa kusanatsale masiku 30 kuti achire, ndipo kubayidwa mimba ikadali yaing’ono n’kwabwino koposa. Kafukufuku wa ku Mwanza m’dziko la Tanzania, wosindikizidwa mu 2002, adaonetsa kuti amayi amene adalandira jakisoni mmodzi ali oyembekezera adabereka bwino mofanana ndi amayi opanda matendawa.

N’chifukwa chake malangizo a OMS a mu 2017 amati kumene kulibe labotale pafupi, mayi woyembekezera amene watuluka “positivo” pa njira yachangu abayidwe tsiku lomwelo. Amene adalemba malangizowa ankadziwa kuti amayi ena adzabayidwa alibe matenda. Adayeza zinthu ziwiri: mayi wopanda chindoko akabayidwa, wataya kupweteka kwa thako kwa masiku awiri, mayi wodwala akauzidwa kuti akabwere mwezi wamawa zotsatira zikatsimikizika, mvula ikadula msewu kapena ntchito ya fodya ikamugwira, angadzabwere mwana atafa kale. Ine ndikuona kuti adasankha bwino. Landirani jakisoni, kenaka funsani za kuyezanso.

Pali zinthu ziwiri zoti namwino adziwe asanabaye. Ngati mudatupapo, kutuluka zidzolo kapena kubanika mutalandira penisilini, nenani. Ndipo ngati mudabayidwapo kale chifukwa cha chindoko, onetsani kabuku. Ena akabayidwa amamva kutentha thupi, kuzizidwa ndi mutu mkati mwa maola 24. Zimafanana ndi malungo ndipo zimatha zokha, koma mayi wapakati akamva kupweteka kwa m’mimba kapena mwana akasiya kusewera, abwerere kuchipatala msanga. Makapisozi ogula pa msika salowa m’malo mwa jakisoni, ndipo doxiciclina, amene ena amapatsidwa pa matendawa, si woyenera kwa woyembekezera.

Kabuku ka mbali zonse ziwiri

Kuno kumalire anthu ambiri ali ndi mabuku awiri achipatala, lina la ku Mozambique, lina la ku Malawi. Mayi amene adabayidwa ku Namwera pa mimba yoyamba, akabwera ku Mandimba pa mimba yachiwiri ndi kabuku katsopano, amaoneka ngati wodwala watsopano. Namwino alibe njira yodziwira. Mwamuna wake naye, akamva “positivo” kachiwiri, amaganiza kuti mkazi wake wabweretsanso matenda, pamene ndi chipsera chomwe chija. Tengani mabuku onse awiri, ngakhale lina lidang’ambika, ndipo pemphani kuti alembemo dzina la njira imene ayezera, nambala ya RPR ngati ilipo, ndi masiku amene mwabayidwa. Namwino angasankhebe kukubayaninso pa mimba yatsopano pofuna kuteteza mwana, chifukwa kuchira kamodzi sikuteteza munthu kuti asatengenso.

Nkhani ikafika kwa ankhoswe

Chindoko chimayamba ndi chilonda chimodzi chosapweteka, pafupifupi masabata atatu munthu atatenga kachilombo. Chilondacho chimapola chokha, ndipo mwa amayi chimatha kukhala mkati osaoneka n’komwe. Kenaka pangabwere zidzolo, ngakhale m’zikhato ndi kumapazi, nazonso zimatha zokha. Zikatero matendawa amagona phee kwa zaka zambiri. Choncho ngakhale “positivo” weniweni sanena tsiku, chaka kapena dzina la munthu. Angakhale matenda a ukwati woyamba, kapena a pa unyamata banja lisanamangidwe.

Zimachitikanso kuti mkazi watuluka “positivo”, mwamuna “negativo”. Amuna ena amayesa kuti mlandu watha pamenepo. Sunathe. Zotsatira za mkaziyo zingakhale zabodza. Zingakhale chipsera chakale. Chingakhale chindoko chokhalitsa, chimene pakapita zaka ziwiri sichipatsirana kawirikawiri pogonana ngakhale chimathabe kufika kwa mwana m’mimba. Mwamunayo naye angakhale kuti watenga posachedwa ndipo magazi ake sanayambe kuonetsa. N’chifukwa chake achipatala amabaya mwamuna ngakhale alibe chizindikiro chilichonse, ndipo amalangiza kudziletsa kapena kugwiritsa ntchito kondomu mpaka onse awiri atamaliza mankhwala. Mwamuna amene ali ndi matendawa akakana kupita, amawabwezera kwa mkazi wake, ndi kwa mwana yemwe.

Tikudziwa kuti kumidzi mimba ikapita padera kapena mwana akabadwa wofooka, akuluakulu amafulumira kunena za tsempho, ndipo amafunsa kuti wayenda ndani. Pepala la kuchipatala likabwera pa bwalo lotere limasanduka umboni umene silingathe kupereka. Ankhoswe, mafumu, mashehe ndi abusa amene amaweruza nkhani zoterezi angachite bwino kutumiza banjalo kwa namwino onse awiri pamodzi, asanagamule kanthu. Mayi amene wamenyedwa kapena kuthamangitsidwa chifukwa cha zotsatira za magazi ali ndi lamulo lomuteteza, Lei 29/2009 yokhudza nkhanza za m’banja kwa amayi, ndipo angakadandaule kupolisi ku Gabinete de Atendimento à Família e Menores, kapena kuuza namwino yemweyo amene adamuyeza.